Kukwera mapiri ndi namulondola: kumusankha, kumumvera ndi kupindula naye

Anthu ambiri akamva za kulemba namulondola wa m'mapiri amaganiza kuti akulipira munthu woti azingowalozera njira. Ndiye amati, "Foni yanga ili ndi mapu, ndimulipirirenji?" Kuloza njira n'kachigawo kochepa chabe ka ntchito yake. Chimene mumagula kwenikweni ndi maso ake ndi nzeru zake: kudziwa kuti mtambo umene waundana kuseri kwa phiriwo ukupezani pasanathe ola, kuti mnzanu amene wangoti zii kumbuyoyo wayamba kudwala, ndiponso kuti nthawi yobwerera yakwana ngakhale nsonga ikuoneka ngati ili pafupi.

M'malo ena nkhaniyi si yochita kusankha. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, salola munthu kulikwera popanda namulondola wa chiphaso. Njira ya Inca yopita ku Machu Picchu ku Peru amayendamo okhawo amene adzera ku kampani yovomerezeka, ndipo patsiku amalolamo anthu 500 okha, kuwerengera pamodzi alendo, anamulondola ndi onyamula katundu. Kumene lamulo silikukakamizani, dzifunseni kuti: zinthu zitavuta pakati penipeni pa ulendowu, pagulu pathupa alipo amene angadziwe chochita? Mukayamba kuyang'anizana, lembani namulondola.

Kumupeza woyenera

Aliyense angathe kuvala jombo ndi chipewa n'kudzitcha namulondola, choncho yambirani pa mapepala: chiphaso cha boma kapena cha oyang'anira paki, satifiketi ya chithandizo choyamba, ndi inshuwalansi. Pa satifiketiyo onani deti, chifukwa zambiri zimatha mphamvu pakapita zaka 2 kapena 3. Ndi bwinonso ikhale ya chithandizo cha kutchire. M'tauni wovulala mumangomusunga mpaka ambulansi ifike, koma kuphiri mukhoza kuchezera naye usiku wonse.

Pali mabungwe awiri a padziko lonse amene mayina awo mudzawaona. IFMGA, limene linakhazikitsidwa mu 1965 ndi anamulondola a ku Austria, France, Italy ndi Switzerland, ndi la otsogolera anthu pamatanthwe ndi pamadzi oundana pogwiritsa ntchito zingwe. UIMLA, la mu 2004, ndi la otsogolera maulendo oyenda wapansi m'mapiri. M'mayiko ambiri anamulondola aluso alibe mapepala a mabungwe amenewa, ali ndi chiphaso cha kwawo chokha, ndipo palibe cholakwika. Cholemera kuposa zonse n'chakuti aidziwe njira imene mukufuna kuyendayo.

Safunsa anadya phula, ndiye mufunseni musanapereke ndalama. Njirayi waiyenda kangati, ndipo komaliza anadutsamo liti? Mvula ya chaka chimodzi imatha kukokolola mlatho kapena kugumula njira yonse. Netiweki imagwira pati, nanga pamene sigwira amalumikizana bwanji ndi opulumutsa anthu? Wina atathyoka mwendo, msewu wapafupi umene galimoto ingafike uli kuti? Gulu lidzakhala la anthu angati? Panjira yosavuta namulondola mmodzi angathe anthu 8 kapena 10, koma pamalo ogwira ndi manja pafunika gulu laling'ono, kapena wothandizira woyenda kumapeto. Mtengo umene watchula ukuphatikiza chiyani, ndipo ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo zimatha bwanji?

Funso lomaliza ndilo limamuulula: "Munabwezapo gulu lisanafike pansonga?" Wodziwa ntchito amayankha kuti inde, n'kufotokoza tsikulo ndi chifukwa chake. Amene akuti anthu ake onse amafika, kaya kunja kuche bwanji, ndi watsopano kapena ndi wosasamala.

Zomuuza musananyamuke

Namulondola amakonza ulendo potengera zimene mwamuuza, ndiye mukamunamiza mwadzinamiza nokha. Muuzeni za matenda a shuga, mphumu, kuthamanga kwa magazi, khunyu, bondo lovuta, mankhwala amene mukumwa ndi thumba limene muwaikemo. Ngati njuchi ikakulumani mumatupa thupi lonse kapena kubanika, adziwe tsiku lisanafike. Ngati mumachita chizungulire mukayang'ana kuphompho, nenani, chifukwa nthawi zambiri pamakhala njira ina yolambalala. Ndipo musakometse mphamvu zanu. Mawu oti "ndimayenda kwambiri" samuthandiza. Muuzeni ulendo wautali umene munayenda mwezi wathawu, maola ake, ndiponso ngati munali zitunda.

Siyaninso uthenga kwa munthu wotsala: njira yanu, nambala ya namulondola, ndi ola limene ayenera kuyamba kuda nkhawa ngati simunamveke.

Nthawi ndi liwiro

Apa m'pamene anthu oyenda okha amalakwitsa kwambiri. Amaona pamapu makilomita 12 n'kunena kuti ndi maola awiri ndi theka, kuiwala chitunda. Anamulondola amawerengera ndi lamulo limene William Naismith wa ku Scotland anapereka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Ulendo wa makilomita 12 wokwera mamita 900 ndiye kuti ndi pafupifupi maola 4. Koma amenewo ndi maola a munthu wamphamvu, wosapuma, panjira yabwino. Namulondola amawonjezapo nthawi yopuma, ya chakudya, ya matope, ya katundu wolemera, ndiponso ya munthu wochedwetsetsa pagululo, chifukwa gulu limayenda pa liwiro la ameneyo. Maola 4 aja amasanduka 6.

Akatero amawerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa kulowa kwa dzuwa, n'kusiyapo ola limodzi kapena awiri a zogwa mwadzidzidzi. Zikatero amapeza ola lobwerera, ndipo amalilengeza m'mawa aliyense akumva: ikakwana nthawi yakuti, paliponse pamene tidzakhale tafika, tikutembenuka. Amalinena m'mawa dala, mitu idakali yozizira. Masana, nsonga ili poteropo, aliyense amakhala ndi chifukwa chabwino chopitirizira. Pa phiri la Everest mu Meyi 1996 anthu 8 anafa pa namondwe mmodzi, ena mwa iwo anamulondola odziwika, ndipo chimodzi mwa zimene zinalakwika n'chakuti ena anapitiriza kukwera nthawi yobwerera itadutsa kale. Phiri lanu lingakhale laling'ono, koma mdima ndi kutopa zimagwira ntchito mofanana.

Poyamba mudzaona ngati akuyenda pang'onopang'ono mopitirira muyeso. Musamupitirire. Liwiro loyenera ndi lakuti muzitha kulankhula chiganizo chonse osadukiza. Mukayamba kupuma wefuwefu ndiye kuti mukudya mphamvu za masana. Pachitunda ponyani mapazi pafupipafupi, phazi lonse lizigunda pansi, osati zala zokha. Pakatha mphindi 15 kapena 20 amaimitsa gulu kuti muvule juzi thukuta lisananyowetse zovala ndi kumanganso zingwe za nsapato. Kenako kupuma kumakhala kwa mphindi 5 mpaka 10 pa ola lililonse. Mukakhalitsa miyendo imauma, ndipo kudzukanso kumawawa.

Kachinyengo kena kamene mudzamuona akuchita madzulo: amatambasula mkono n'kuika zala mopingasa pakati pa dzuwa ndi pamene likalowere. Chala chimodzi ndi mphindi pafupifupi 15, zala zinayi ndi ola. M'chigwa kumada msanga kuposa pamenepo, ndipo m'mayiko a pafupi ndi ikweta chisisira sichikhalitsa.

Kuzizira, nkhungu ndi mphezi

Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Mukanyamuka m'munsi kuli madigiri 24 n'kukwera mamita 2,000, pamwamba mukapeza 11, ndipo mphepo ikamawomba pa malaya onyowa zimamveka ngati kuchepera apo. N'chifukwa chake namulondola amakana zovala za thonje ndi majinzi: zimamwa thukuta ndipo siziuma. Amafuna zovala zitatu zosanjikiza, cham'kati chouma msanga, chapakati chofunda, ndi jekete yotchinga mvula ndi mphepo. Jeketeyo imanyamulidwa ngakhale kumwamba kuli mbee.

Thupi likazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kupunthwapunthwa, kulankhula mokoka lilime, kulephera kutseka zipi, ndi kusalabadira chilichonse. Vuto lake n'lakuti mwiniwakeyo sadziwa, amangoti ali bwino. Ndiye mukaona namulondola akucheza ndi aliyense nkhani zopanda mutu, dziwani kuti akumvetsera mayankhidwe. Akapeza wotere amamubisa ku mphepo, kumuvula zonyowa, kumukhazika pachikwama osati pansi pozizira, ndi kumupatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza bwino. Mowa ayi, umangotaya kutentha kwa thupi. Munthu wozizidwa kwambiri akasiya kunjenjemera asanafundidwe, zinthu zafika poipa.

Nkhungu ikakuta, malo amene mumawaona bwinobwino amasowa pa mphindi zochepa, ndipo munthu wopanda chomulondolera amayenda mozungulira osadziwa. Apa namulondola amatulutsa mapu a pepala ndi kampasi, n'kumawerenga mapazi ndi mphindi kuchokera pamalo omaliza amene anali otsimikizika. Pamapu a 1:50,000, masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Pa 1:25,000 ndi masentimita 4. Mizere yosonyeza kukwera ikathithikana ndiye kuti pamenepo m'potsetsereka kwambiri. Mupempheni akuonetseni popuma, ndi maphunziro aulere. Foni ndi yothandiza, koma batire yake imatha msanga pozizira ndiponso ikamasakasaka netiweki, choncho koperani mapu musananyamuke, zimitsani netiweki, ndipo foniyo muisunge m'thumba lam'kati.

Za mphezi, werengani masekondi kuchokera pamene kwang'anima mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akakhala 30 kapena kucheperapo, muli kale pangozi. Tsikani pansonga ndi pamsana pa phiri, talikiranani ndi mtengo woima wokha, madzi ndi mipanda ya waya, ndipo musabisale pakhomo pa phanga losaya. Gulu limwazikane mamita angapo kuti mphezi imodzi isagwetse onse. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. M'mapiri ambiri mabingu amakonda masana, ndiye namulondola akati tinyamuke mbandakucha si nkhanza.

Kuwoloka mtsinje

Kamtsinje kamene m'mawa munadumpha pamiyala kangakhale kosawolokeka pobwerera, chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona. Madzi akasanduka a matope, akamanyamula zinyalala ndi nthambi, kapena mukamamva miyala ikugubuduzika pansi, musayese. Namulondola amaponya kamtengo m'madzi n'kuyenda nako m'mbali: kakamupitirira, ndipo madziwo n'ngopitirira m'mawondo, sawolotsa anthu. Amafuna potambalala ndi posaya, osati popapatiza, ndipo amapewa pokhota chifukwa kunja kwa khotolo kumakhala kwakuya. Amayang'ananso kumunsi ngati kuli mathithi kapena mtengo wogwera m'madzi umene ungapanikize munthu.

Powoloka masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno ndi wa pachifuwa, kuti mukagwa muchitaye msanga. Nsapato musavule, ndere zimaterera ndipo miyala imacheka. Yang'anani kumene madzi akuchokera, tsamirani ndodo, n'kumasuntha phazi limodzi cham'mbali linalo litakhazikika. Mitsinje ya m'mapiri imadzaza msanga komanso imaphwa msanga, ndiye kudikira maola angapo nthawi zambiri kumathetsa nkhani.

Matenda a pamwamba

Kuyambira pa mamita 2,500 thupi limayamba kumva kuchepa kwa mpweya, ndipo pa mamita 5,500 mpweya umene mumakoka pa kupuma kumodzi umakhala pafupifupi theka la wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Matendawa sasankha. Wothamanga mipikisano akhoza kugwa pamene nkhalamba ikuyenda bwinobwino, ndipo amphamvu ndiwo amakonda kukwera mofulumira n'kudzipweteka. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, nseru, kusafuna kudya, chizungulire ndi kusowa tulo.

Lamulo limene anamulondola amatsata ndi lakuti mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asakwere ndi mamita opitirira 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku 3 kapena 4 pakhale tsiku lopuma. Masana mukhoza kukwera kuposa apo, bola mutsike pokagona. Amene wayamba zizindikiro asakwerenso mpaka zitatha. Koma munthu akamabanika ali chikhalire, akamatsokomola makhololo a thovu, akasokonezeka mutu, kapena akalephera kuyenda mzere wowongoka chidendene chikugunda zala za phazi linalo, ndiye kuti madzi alowa m'mapapo kapena ubongo watupa. Ameneyo atsike nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo asatsike yekha. Kutsika mamita 300 mpaka 1,000 kumasintha zinthu kwambiri. Mankhwala a acetazolamide amathandiza thupi kuzolowera, koma mukambirane ndi dokotala musanapite.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mutu ukayamba, nenani. Anthu amabisa poopa kubwezedwa, chonsecho akananena msanga akanangopumitsidwa tsiku limodzi n'kupitiriza.

Mapazi, madzi ndi chikwama

Nsapato zatsopano zisayambire kuphiri. Ziyendereni milungu ingapo kaye. Kutsogolo kwa zala kutsale mpata wa chala chachikulu cha kumanja, ndipo zikhadabo muwenge, apo ayi potsika zizigunda nsapato mpaka kuda n'kuzuka. Mukangomva pachidendene pakutentha, imani mumatepo pulasitala. Mphindi 3 zimenezo zimapulumutsa ulendo wonse, pamene thuza likaphulika mumayamba kutsimphina, ndipo wotsimphina ndiye amabinya kakolo. Musanayambe kutsika mangitsani zingwe. Ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa, maganizo atafika kale kunyumba.

Madzi muwerengere theka la lita pa ola lililonse loyenda, kukatentha kwambiri mpaka lita. Muzimwa pang'onopang'ono ndi kudyako zamchere, chifukwa kugugudiza madzi ambiri opanda mchere nakonso kumadwalitsa. Namulondola amadziwa akasupe amene saphwa ndi amene kumtunda kwake kuli msasa kapena ziweto, zimene mapu sanena. Madzi otunga m'njira awire kwa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pa mamita 2,000 kwa mphindi 3, popeza kumeneko amawira pa madigiri pafupifupi 93. Mapiritsi a kulorini amafuna mphindi zosachepera 30, ndipo madzi akakhala ozizira kapena a matope, asefeni ndi kudikira nthawi yotalikirapo.

Chikwama cha tsiku limodzi chisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwanu, cha masiku angapo gawo limodzi mwa magawo 5. Zolemera zikhale pafupi ndi msana, ndipo lamba wa m'chiuno ndiye asenze, osati mapewa. Tochi ya pamphumi ndi wezulo zisasowemo ngakhale mukuti mubwerako masana. Ngati pali onyamula katundu, funsani malire a mtolo wawo. Pa Kilimanjaro ndi makilogalamu 20. Kampani imene imasenzetsa anthu ake mopitirira, kapena kuwayendetsa opanda zofunda, musaganize kuti inu idzakusamalani.

Zimene simukanaziona

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo namulondola wabwino amakuphunzitsani kudekhako. Adzakuimitsani pa chidindo cha phazi m'matope n'kukuonetsani kuti m'mbali mwake mudakali mwakuthwa, madzi sanalowemo, kutanthauza kuti nyamayo yangodutsa kumene. Adzakuuzani kuti phazi looneka zikhadabo kawirikawiri ndi la mtundu wa agalu, pamene amphaka ambiri amabisa zawo poyenda. Mbalame zikayamba kulira mokalipa pamtengo umodzi, iye amadziwa kuti pali njoka kapena chilombo. Amayenda moti mphepo izichokera kumene kuli nyama, kuti fungo lanu lisakafike. Kumalo a nyama zoopsa mverani malangizo ake msangamsanga, mafunso pambuyo, chifukwa chochita chimasiyana malinga ndi nyamayo, ndipo kuthawa nthawi zambiri ndiko kolakwika.

Njoka ikaluma munthu, musatemere, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Muvuleni mphete ndi zothina, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Madzulo dzifufuzeni nkhupakupa m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka, osaipsinja.

Adzakuletsaninso zinthu zooneka zazing'ono. Kudula njira pamakhota kumatsegula ngalande imene mvula imaikuza. Kupatsa nyama chakudya kumaizoloweretsa anthu, mapeto ake imaphedwa. Pokadzithandiza kumbani kadzenje ka masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita 60 kuchokera kumadzi, ku njira ndi kumsasa, ndipo zinyalala zonse zibwerere m'chikwama.

Mukasiyana ndi gulu

Pamphambano iliyonse dikirani wakumbuyo, ndipo mukafuna kupatuka uzani munthu n'kusiya chikwama m'mbali mwa njira ngati chizindikiro. Mukazindikira kuti muli nokha, imani pomwepo. Namulondola amayambira kufufuza pamene anakuonani komaliza, ndiye phazi lililonse limene mukuponya likukulitsa malo ofufuza. Musatsate khwawa poganiza kuti likakufikitsani kwa anthu, m'mapiri makwawa amathera pamathithi ndi m'maphompho. Valani zofunda musanayambe kuzizidwa, khalani poonekera, n'kumaliza wezulo. Ku mapiri a Alps, ku Ulaya, chizindikiro cha ngozi ndi kuliza kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi ina, n'kubwerezanso. M'malo ena amaliza katatu. Gwirizanani m'mawa chimene gulu lanu ligwiritse ntchito. Kukada, chitani chimodzimodzi ndi tochi, ndipo musasiye ngakhale mwamva kuyankha, mpaka okufunaniwo atafika pamene muli.